MBALE ZA GITALA NDI NYIMBO ZA PAKHOMO

Pali anthu ena pakati pathu amene nthawi yao yopuma amaithera pa nchito imene anzao aiyesa yacibwana. Ena amayenda m'misika ndi m'nyumba za okalamba kufunafuna mbale zakale za galamafoni, makamaka zija za akatswiri oliza gitala m'nyimbo za jazi. Ena amakhala pamphasa ndi agogo ao ndi kuwapempha kuti awaimbire nyimbo zimene anapeka okha kalekale, za pamtondo, za kumunda, kapena zija za pa banjo ya cigubu, kuti aziphunzire ndi kuziimbanso. Munthu angaganize kuti magulu awiriwa ndi otalikirana, popeza ena maso ao ali ku America pamene ena ali kumudzi. Koma ife tiona kuti nchito yao ndi imodzi, ndipo kuti wosonkhanitsa mbale amene safika pa nyimbo za kwao waimira panjira. Mwezi uno tifuna kufotokoza cifukwa cake.

Mbale inali mphunzitsi

Tiyambe ndi mbalezo. Charlie Christian anali mnyamata wakuda amene anakulira ku Oklahoma City, m'dziko la America. Iye anali mmodzi wa oyamba kuonetsa kuti gitala ya magetsi ingathe kutsogolera nyimbo monga licitira lipenga, m'malo mongogunda kumbuyo kwa anzake. Analowa m'gulu la Benny Goodman m'caka ca 1939, ndipo mu 1942 anamwalira ndi cifuwa cacikulu ali ndi zaka 25 cabe. Mbale za masiku amenewo zinali kutenga mphindi ngati zitatu mbali imodzi, motero pa mbale za kampani timamumva akuliza kanthawi kocepa, ena nkulandira. Koma usiku, akaweruka, anali kupita ku nyumba ya zoimba yochedwa Minton's ku Harlem, mumzinda wa New York, kumene anali kuliza momasuka osayang'ana nthawi. Kumeneko mu 1941 kunali kubwera mnyamata wina wophunzira, Jerry Newman, atanyamula makina ake ojambulira mau. Sanatumidwe ndi kampani iri yonse, anangokonda nyimbo. Lero amene afuna kumva m'mene Christian anali kulizira akamasuka, amvera zimene anajambula mnyamata uja.

Pa zaka zomwezo, mumzinda wa Indianapolis, mnyamata wina wokwatira kumene, Wes Montgomery, anamva mbale ya Christian nagula gitala. Sanadziwe kuwerenga zizindikiro za nyimbo. Anali kubwezera singano pa malo amodzimodzi kambirimbiri mpaka zala zitagwira zimene makutu anamva. Popeza anali kuphunzira usiku ataweruka ku nchito, anayamba kukodola nsambo ndi cala cacikulu kuti asasokoneze anthu ogona. Mau ofewa a cala cimeneco ndiwo anadzamchukitsa pa dziko lonse. Anamwalira mu 1968, koma mu 2012 anthu anamvanso nyimbo zake zina za kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, za nthawi imene anali asanachuke, cifukwa wina anasunga matepi ake osawataya.

Ku France nako kunali Django Reinhardt, amene zala ziwiri za dzanja lake lamanzere zinapuwala pa ngozi ya moto mu 1928. M'caka ca 1931, mumzinda wa Toulon, munthu wina wokonda mbale, Émile Savitry, anamuitanira kunyumba namuimbira mbale za Louis Armstrong ndi Duke Ellington. Pofika mu 1934 Django anali ndi gulu lake ku Paris pamodzi ndi Stéphane Grappelli woliza vayolini, ndipo kalizidwe kake ana a masiku ano akali kukaphunzira.

Taonani tsono: m'nkhani zitatuzi mbale inagwira nchito cifukwa inafika m'makutu mwa munthu wofuna kuphunzira. Savitry akanatsekera mbale zake m'kabati poopa kuti mlendo angazikande, akanakhala ndi mbale zosalala ndithu, koma Django akanapita osamva kanthu.

Jazi ya kwathu kuno

Zimene zinacitika kutsidya kwa nyanja zinacitikanso kwathu. Amuna obwera kucokera ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni anali kufika kumudzi ndi njinga, galamafoni, ndipo ena gitala. Anyamata amene analibe ndalama ya gitala anali kutenga cigubu ca mafuta, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga, nkupanga banjo. Wina anali kupanga babatoni, wina ng'oma, ndipo gulu likakwana anali kulicha jazi bandi. Nyimbo zao sizinali jazi ya ku New York. Mau akuti jazi anangosanduka dzina la gulu liri lonse la nsambo lovinitsa anthu. Ku Congo Joseph Kabasele anayambitsa African Jazz mu 1953, ndipo OK Jazz ya Franco inayamba mu 1956. Ku Malawi kunali Alan Namoko, munthu wosaona woliza banjo, ndi gulu lake la Chimvu Jazz, ndiponso abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kujambula nyimbo zao mu 1967.

Wojambula wamkulu wa m'zigawo zino anali Hugh Tracey. Mu 1952 anapeza mnyamata woliza gitala, Jean Bosco Mwenda, ku Jadotville, kumene lero ticha Likasi, najambula nyimbo yake ya Masanga. Mbale imeneyo inayenda maiko ambiri, ndipo oliza gitala anaiphunzira monga m'mene Wes anaphunzirira za Christian. Mu 1957 Tracey anajambula oimba a m'makomboni a ku migodi yathu. Zonsezi zisungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954 ndipo lero iri ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Patapita zaka zambiri Michael Baird, amene anabadwira ku Lusaka, anaturutsanso zina mwa nyimbozi pa ma CD. Tisaiwalenso Alick Nkhata, amene anagwirapo nchito ndi Tracey atabwera ku nkhondo, nadzakhala muulutsi pa wailesi ya ku Lusaka. Iye anali kutenga nyimbo za kumidzi ndi kuziika pa gitala, ndipo kuyambira mu 1949, pamene kunabwera kawailesi kochipa kooneka ngati poto, kochedwa Saucepan Special, anthu akumudzi anayamba kumva nyimbo zao zikuturuka m'bokosi. Nkhata anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira kufupi ndi Mkushi, koma mau ake tikali nao cifukwa analowa pa mbale.

Nyimbo zopanda mbale

Komatu galimoto la Tracey linaima pa midzi yowerengeka, ndipo amene analowa m'nyumba ya wailesi ku Lusaka anali ocepa. Nyimbo zambiri za makolo athu sizinaone makina. Tikumbuke mai amene anapeka nyimbo ya pamtondo podandaula za mwamuna amene anapita ku Walale osatumiza ngakhale kalata. Tikumbuke nyimbo yotonthoza mwana imene iri ndi dzina la mwanayo m'kati mwake, nyimbo ya cimtali imene atsikana a mudzi umodzi anapeka pokapikisana ndi mudzi wina, ndi nyimbo ya amalume imene anapeka pa banjo caka ca njala, yochula mtengo wa thumba la cimanga ndi dzina la mtsinje kumene anakumba mizu. Nyimbo zotere ndizo mbiri ya banja. Makolo ambiri sanasiye kalata kapena cithunzi, koma anasiya nyimbo.

Apa ndipo pali kusiyana kumene tifuna kuti okonda mbale akuone. Mbale ya Wes Montgomery ikasweka m'nyumba mwanu, ndi cisoni ndithu, koma ziripo zinzake zikwizikwi m'maiko ena, ndipo nyimbo zomwezo mudzazipeza pa intaneti. Nyimbo ya agogo iri m'mutu umodzi, kapena pa kaseti imodzi imene wina anajambula pa ukwati m'zaka za m'ma 1980 ndipo tsopano iri pansi pa sutukesi. Tsiku la maliro ao timaika m'manda nyimbo zonse zimene sitinafunse. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka.

Munthu amene wazolowera kusonkhanitsa mbale ali kale ndi zida zonse zofunika pa nchito iyi. Ali ndi khutu lodziwa kusiyanitsa kalizidwe ka uyu ndi ka uyo. Ali ndi kudekha, cifukwa anadikira zaka kuti apeze mbale imodzi. Adziwa kufunsa kuti woimba ndani, anaimbira kuti, caka citi. Nanga nzeru zonsezi zithere pa anthu a ku Indianapolis okha, pamene m'bale wa atate ake ali ku Katete kapena ku Petauke ndi nyimbo zimene palibe wina azidziwa?

Kasamalidwe ka zimene tiri nazo

Tiyambe ndi zimene ziri kale m'nyumba. Mbale zolemera zakale, zozungulira ka 78 pa mphindi, zinapangidwa ndi utomoni wouma, ndipo zikagwa zimasweka ngati mbale ya dothi. Musazipukute ndi spiriti kapena kacasu, cifukwa utomoniwo umasungunuka. Kansalu kofewa nkokwanira. Singano yacitsulo ya galamafoni yopukusa ndi dzanja inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi ndi kutayidwa, ndipo yobuntha imadya mizere ya mbale. Mbale zopepuka za pulasitiki, za 33 ndi za 45, zimene zinayamba mu 1948 ndi 1949, musaziike konse pa galamafoni yotere, cifukwa mkono wake wolemera udzazipala ulendo umodzi wokha. Mbale zonse ziimikeni ciriri monga mabuku, kutali ndi zenera ndi malata, pakuti kutentha kwa mwezi wa October kumazipinda. Pozinyamula gwirani m'mphepete. Samalaninso zikuto zake, zimene ciswe ndi mphemvu zimakonda, cifukwa pamenepo ndipo palembedwa maina a oimba ndi caka.

Makaseti afuna cangu coposa, cifukwa tepi imakalamba ngakhale isakuimbidwa. Coyamba thyolani timano tiwiri tiri kumutu kwa kaseti, kuti mwana asajambulepo zina mwangozi. Zungulizani tepi pang'onopang'ono ndi bolopeni kuti muone ngati inamatana. Ngati yacita nkhungu, musaiike m'makina, funani wodziwa. Wailesi ya kaseti imene yakhala zaka osagwira nchito muiyese ndi kaseti yopanda pake, cifukwa ikhoza kutafuna tepi. Ndipo tsiku limene muimba kaseti yofunika koyamba, likhale tsiku lomwelo lokopera mau ake pa foni kapena pa kompyuta, pakuti mwina siidzalola kuimbidwa kaciwiri. Mukakopera musataye kasetiyo. Zimene mwakopera zitumizeni kwa abale a m'nyumba zitatu kapena zinai, popeza foni imabedwa, imagwa m'madzi, ndipo memori kadi imafa osatsazika.

Popita kwa akulu

Kujambula munthu wamkulu kuli ndi mwambo wake. Sitipita cimanjamanja, ndipo sitiyamba ndi kuturutsa foni. Tiyamba ndi malonje, kenaka tifotokoza cimene tadzera, ndipo tipempha cilolezo. Akakana, takana nao. Akavomera, tisawafulumize. Kuona maso a nkhono nkudekha: nyimbo yoyamba idzakhala imene aliyense aidziwa, koma zao zenizeni zidzabwera pa tsiku laciwiri kapena lacitatu.

Okalamba ambiri sakumbuka nyimbo atangokhala pampando. Nyimbo ya pamtondo imabwera musi uli m'manja, cifukwa kugunda kwa musi ndiyo ng'oma yake. Tsono turutsani mtondo, thiranimo cimanga, ndipo ngati agogo alibe mphamvu asinje mdzukulu iwo akuimba. Itananinso anzao a msinkhu umodzi, popeza nyimbo zathu zambiri zifuna wotsogolera ndi ovomera, ndipo pamene wina waiwala mnzake amakumbutsa. Ngati amalume anali kuliza banjo, pemphani anyamata apange ina ndi kuwapatsa m'manja. Zala zimakumbuka zimene mutu unaiwala.

Musanayambe, nenani pa foni pomwepo tsiku, mudzi, mfumu ya dera, dzina la woimba ndi mfunda wake. Zimani wailesi, khalani pamalo opanda mphepo, ndipo foni ikhale pafupi ndi woimba koma osati pakamwa. Nyimbo ikatha musazime msanga. Funsani kuti anapeka ndani, panacitika ciani, mau akuti-akuti atanthauza ciani. Kawirikawiri yankho limakhala lokoma kuposa nyimboyo. Pambuyo pake lembani mau onse m'kabuku monga m'mene anaimbidwira, kaya ndi Cicewa, Cinsenga, Cingoni kapena Cikunda, osawaongola kuti afanane ndi Cinyanja ca kusukulu.

Zoyenera kucenjera nazo

Si nyimbo iri yonse imene iyenera kuturuka pabwalo. Nyimbo za kudambwe ndi za m'cinamwali ziri ndi eni ake ndi malo ake, ndipo munthu waulemu sazitenga mobisa. Nyimbo zina za pamtondo zimachula maina a apongozi kapena a mkazi wina amene anasokoneza banja, ndipo adzukulu a anthu amenewo akali moyo. Nyimbo yotere ikaponyedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook ingathe kudzutsa mlandu umene unagona zaka 50 zapitazo. Funsani mwini nyimbo kuti ndi ziti zimene alola kuti zimveke kunja, ndipo zotsalazo zikhale za m'banja.

Pali nkhani ya ndalama. Cizolowezi cogula mbale cikakula cingathe kudya ufa wa ana. Bambo amene agula mbale ya mtengo wapatali pamene mwana alibe nsapato za kusukulu asayembekeze kuti a m'nyumba mwake adzakonda nyimbo zimenezo. Ndi bwino kugwirizana ndi amai a kunyumba za ndalama imene ingapite ku mbale, ndipo yoposa pamenepo isapite. Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya ogulitsa. Mbale za ku Zambia za m'zaka za m'ma 1970, monga za WITCH, Amanaz ndi Paul Ngozi, zifunidwa kwambiri ndi anthu a kunja. Nyimbo za WITCH zinaturutsidwanso ku America mu 2012, ndipo woimba wao Emmanuel Jagari Chanda anabwereranso pa nsanja, gululo nkuturutsa nyimbo zatsopano mu 2023. Cotero mlendo akabwera kudzagula katoni ya mbale za malemu atate pa mtengo wa nkhuku, musafulumire. Funsani kaye mtengo wake weniweni, koperani nyimbozo, ndipo mumvane ndi abale onse.

Cimodzimodzinso, mwana wa m'banja akatenga nyimbo ya agogo ndi kukaijambulitsa kuti agulitse, achule dzina la amene anapeka, ndipo kaphindu kakapezeka awakumbuke. Kutenga nyimbo ya nkhalamba ndi kulembapo dzina lako ndi kuba, ngakhale nkhalambayo isadziwe njira ya ku khoti.

Kuziimbanso

Nyimbo imene yajambulidwa ndi kusiyidwa m'foni iri ngati mbeu imene yasungidwa m'nsupa osabzalidwa. Caka ndi caka mphamvu yake icepa, mpaka padzafika mbadwo umene udzaimva nkufunsa kuti kodi nkhalamba iyi ndani. Kuti nyimbo ikhale ndi moyo pafunika pakamwa patsopano. Madzulo amodzi pa sabata televizioni ingathe kuzimidwa, ana nkuphunzira nyimbo imodzi pamodzi ndi nkhani yake. Pa ukwati wa m'banja, pakati pa nyimbo zonse za pa sipika, pangapezeke mphindi zisanu zakuti adzukulu aimbe nyimbo imene anapeka agogo a mkwatibwi.

Ena afunsa ngati nkoyenera kuika gitala pa nyimbo zotere, makamaka gitala ya munthu amene makutu ake anazolowera jazi. Ife titi nkoyenera, popeza ndizo zimene anacita Nkhata, ndipo nyimbo zathu sizinayambe zakhalapo ciimire. Koma pali malamulo awiri. Loyamba nlakuti gitala itsate woimba. Mau a nyimbo zakale sagwa nthawi zonse pa mizere ya gitala ya ku sitolo, ndipo kaciunidwe ka m'buku sikakwana pali ponse. Oliza a ku migodi anali kumasula kapena kukunga nsambo zina, ndi kumanga pensulo pakhosi pa gitala, kufikira igwirizane ndi mau ao. Woliza amene akakamiza agogo kuti asinthe maimbidwe kuti alowe m'gitala yake waononga cimene anadzera. Laciwiri nlakuti kaimbidwe koyamba kasungidwe monga kanaliri, kopanda cokometsera, kuti amene adzabwera pambuyo adzathe kubwerera ku gwero ndi kuyamba njira yao.

Pomaliza, tipempha banja liri lonse limene liwerenga tsamba lino kuti licite kanthu kamodzi kocepa chuthi cikubweraci. Sankhani munthu mmodzi wamkulu koposa m'banja mwanu, mupite kwa iye ndi foni ndi kabuku, ndipo mubwereko ndi nyimbo zitatu pamodzi ndi nkhani zake. Amene muli ndi mbale za jazi, itanani anyamata a pafupi amene ayesa gitala kuti adzamvere, ndipo pocoka muwafunse ngati adziwa nyimbo ngakhale imodzi ya agogo ao. Akati saidziwa, muwabwereke kabuku. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapo pamene wina anawasunga. Mvula isanagwe kawiri, ena mwa oimba amene tikamba pano sadzakhalanso nafe.